Windows, Mac ndi Ubuntu pa ntchito imodzi: musankhe zida ziti?

Mwati muli atatu kuno ku Chipata, wina ali ndi Windows, wina Mac, wina Ubuntu, ndipo mukufuna zida za pa terminal (windo lolemberamo malamulo a kompyuta) zoti khodi yanu iziyenda mofanana paliponse.

Yambani ndi shell, pulogalamu yomwe imalandira malamulo amene mumalemba pa terminal. Wa Windows atsegule PowerShell ngati administrator, alembe wsl --install, ndipo apeza Ubuntu mkati mwa Windows momwemo. Zimadya bandulo zedi, choncho achitire pamene pali Wi-Fi. Laputopu ikakhala yofooka, Git Bash, yomwe ndi shell yopepuka ya pa Windows, ndi yokwanira. Imabwera pamodzi ndi Git for Windows.

Kenako choikira mapulogalamu: apt pa Ubuntu, Homebrew pa Mac. Ikani git (yosunga mbiri ya khodi), curl (yotengera zinthu pa intaneti) ndi ripgrep (yofufuzira mawu m'mafayilo).

Gawo lachitatu ndilo limaliritsa anthu, musalidumphe. Windows imatseka mzere wa m'fayilo ndi zizindikiro zosaoneka zotchedwa CRLF, zinazo ndi LF, ndipo script (fayilo ya malamulo) ya bash, shell ya pa Ubuntu, yokhala ndi CRLF imakana kuyenda. Ikani fayilo ya .gitattributes mu projekiti, mulembemo * text=auto eol=lf. Chenjeraninso ndi sed, chida chosinthira mawu m'mafayilo: ya pa Mac ndi ya BSD, ya pa Ubuntu ndi ya GNU, ndiye sed -i sichita zofanana. Ine script ikayamba kutalika ndimailemba mu Python, ndipo ndikulangizani chomwecho.

Ngati mumagwira ntchito pa seva kudzera pa ssh (njira yolowera pa kompyuta yakutali), ikani tmux pa sevapo, pulogalamu yosunga terminal yanu ili yotsegula, ndipo muziyendetsa ntchito mkati mwake. Malaiti akapita kapena netiweki ikaduka, ntchito imapitirira. Mukalowanso mungolemba tmux attach.