Momwe mungakonzekere kugulitsa nyumba ndi kusamuka kuno ku Mulanje ndi Thyolo

Kuno kwathu wogula nyumba amagulanso zapakhomo: mapeyala, nthochi, chinanazi, mwina ndi kamunda ka tiyi kuseri. Mukapanda kulongosola bwino za zomerazi, mudzapezeka muli pabwalo la amfumu katundu mutasamutsa kale.

Yambani ndi abale, chikwangwani chidikire kaye. Pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja malo amayenda kuchikazi, ndiye bambo amene anamanga ali pachikamwini adziwe kuti njerwa ndi thukuta lake, koma dothi ndi la mbumba. Khalani pansi ndi amalume, eni mbumba, mumvane, kenako mupite kwa amfumu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti oyang'anira malo m'midzi, ndipo malamulo a malo anasinthidwanso mu 2022, choncho musadalire zomwe munamva kalekale. Kafunseni ku ofesi ya zamalo kwa DC zimene zikuloledwa pamalo ngati anuwo. Malo a lizi amafuna chilolezo cha boma asanasinthe dzina, komanso lendi ya malo ikhale yolipidwa. A ku Luchenza aonenso ngati alibe ngongole kukhonsolo.

Mapepala akakhala bwino, bwerani pa nyumba. Mdani wake kuno ndi chinyezi. Chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi makoma amachita ndere kunja, chuku mkati, zovala m'sutikesi n'kumanunkha. Chotsani mabedi ndi makabati kukhoma, tsegulani mawindo tsiku lililonse, kwechani khomalo ndi burashi, lisiyeni liume, kenako pakani laimu. Mukapaka pakhoma lonyowa laimuyo amasupuka msanga. Kwerani mukaone malata odontha ndi mitengo ya denga yomwe chiswe chalowa.

Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, munthu wofuna malo m'mbali mwa phiri amayamba wafunsa kuti madzi amadutsa pati. Kumbani ngalande, zioneke, ndipo muyankheni zoona. Mng'alu wapakhoma musaubise ndi penti. Wogula wochenjera amakafunsa kwa aneba, ndipo aneba athu sabisa mawu.

Tsopano kumunda, komwe ambiri amagwa ulesi. Munthu akangoganiza zosamuka amasiya kupalira, amvekere “ndilimira ndani?” Kumeneko n'kudzigwetsera mtengo. Pitirizani kusesa, kutchetcha udzu ndi kuthirira. Dulirani nthambi za mapeyala zomwe zatsamira padenga, kwirirani dzenje la zinyalala lomwe ladzaza, ndipo chimbudzi chikhale chotchinga bwino. Kudimba dzalani zofulumira ngati mpiru ndi chayinizi. Chinangwa chimene chimakhala m'nthaka pafupifupi chaka chathunthu musadzalenso, pokhapokha ngati mukumulimira wogulayo.

Pa kalata ya mgwirizano ndi pomwe muyenera kutayapo nthawi. Yendani ndi wogula, amfumu ndi mboni m'malire monse, aneba a mbali zonse alipo, muloze mtengo uliwonse. Nandolo amene adakali m'munda akolola ndani? Mikoko ya nthochi yomwe yatsala pang'ono kukhwima ndi ya yani? Bulugamu uja munati mudzacheka matabwa alowa pamtengo wa nyumba kapena mumudula musanachoke? Thanki ya madzi, sola ya padenga, khola la mbuzi, zonsezi zilembedwe chimodzichimodzi, ndi tsiku lomaliza lomwe mungabwere kudzatenga zanu. Ngati muli ndi tiyi yemwe masamba ake mumagulitsa kudzera kubungwe la alimi, monga Sukambizi, kawadziwitseni kuti dzina lisinthe, mumvanenso za ndalama za masamba omwe munathyola kale. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kusiyira wogula zipatso zonse zam'mitengo n'kuziwerengera pamtengo wa nyumba. Zobwera kudzathyola peyala pakhomo la eni zimathera m'kutukwanizana.

Nanga zonyamula? Mbewu ya nandolo, nyemba ndi maungu ikani m'mabotolo ouma. Mitengo ya chinangwa ndi zingwe za mbatata zidulidwe patatsala masiku ochepa kuti mudzale. Koma ana a nthochi asiyeni. Matenda a chisaka, omwe anatha nthochi za ku Thyolo, amayenda ndi mbewu yotere, ndipo kamtengo kooneka kabwinobwino kakhoza kukhala nawo kale. Mukafika uko funsani alangizi komwe mungapeze mbewu yopanda matenda. Nkhuku zilandire katemera wa chitopa zisananyamuke, ndipo kumalo atsopano zitsekereni masiku angapo kuti zizolowere. Mbuzi ndi nkhumba zimafuna kalata ya alangizi a ziweto, apo ayi mukavutika pa lodibuloko.

Nthawi yabwino yosamuka ndi pakati pa Ogasiti ndi Okutobala: mwakolola, chiperoni chadutsa, misewu yafumbi yolowera m'midzi ndi youma moti lole ifika mpaka pakhomo. Mukachedwa mpaka Disembala, matilesi adzafika atanyowa, ndiponso mudzakhala mutaphonya kudzala uko mukupita. Ngati muli ndi ana asukulu, katengeni makalata a transifa nthawi ya holide.

Madobadoba abwera okha akangomva. Mukafuna kugwira nawo ntchito, gwirizanani za gawo lawo poyambirira, polemba. Ndalama zidzere kubanki, osati m'jumbo, ndipo makiyi muwapereke mutaona nokha kuti zalowa. Tsiku lochoka jambulani mita ya madzi ndi foni, lipirani bilu yomaliza ku Southern Region Water Board ngati muli pa mpopi wawo, ndipo mupatseni mwini watsopanoyo nambala ya mita ya ESCOM kuti azitha kugula mayunitsi pamene akusinthitsa dzina.