Nsapato za matayala: kumuphunzitsa mwana, ndi malo ofunika kuchotsa tayala muno mu Zomba

Nsapato zija zokhala ndi tayala kuchidendene zafika ndithu muno mu Zomba, zina zikutuluka m'mabelo a kaunjika zina akutumiza ndi achibale a ku Joni, nde mwana akangoona mnzake akutsetsereka pakhonde osanyamula phazi basi pakhomo mtendere watha mpaka mugule. Gulani ngati thumba likulola, ine sindikuletsa ayi. Koma tayala lija musalisiye mu nsapato tsiku lonse, lizilowa nthawi yosewera n'kutuluka mukamapita pagulu, ndipo woyika ndi kuchotsa mukhale inuyo kholo osati mwana.

Choyamba dziwani kaye mtundu wa nsapato yomwe muli nayo chifukwa sizofanana zonse. Zenizeni dzina lake ndi Heelys, anayambitsa ndi bambo wina wa ku America dzina lake Roger Adams ndipo zinayamba kugulitsidwa cha m'ma 2000. Zimenezi tayala lake limachoka, ndipo zikakhala zatsopano mu bokosi mumakhala kachida kozulira tayala komanso zotsekera pa bowo kuti nsapato ikhale wamba. Zina zimakhala ndi tayala limodzi phazi lililonse, zina awiri, za awirizo ndi zomwe zimakhazikika bwino kwa mwana wamng'ono amene akungoyamba kumene. Ndiye pali zongotengera zija zoyaka magetsi pansi, za kabatani kumbuyo, ukadina tayala limatuluka ukalikankha limabisala. Makolo ambiri amakonda zimenezi ati ndi zosavuta, koma ine ndiye ndimaziopa kwambiri, chifukwa kabatani kali kuphazi kwa mwana, inu mukungotembenuka kufunsa mtengo wa tomato iye wadina kale.

Mukamagula pa kaunjika musangoona kukongola kwa pamwamba. Tembenuzani nsapato, zunguzani tayala ndi chala mumve ngati likuyenda mosalala kapena likukhulana ndi mchenga m'kati, ligwedezeni uku ndi uku muone ngati silikuchita khwekhwerekhwe, onaninso pulasitiki wogwira tayala ngati sanang'aluke. Matayala onse awiri akhale ofanana kutha kwake. Zotsekera bowo pa kaunjika nthawi zambiri kulibe zinatayika kalekale, funsani wogulitsa koma akati alibe si nkhani, osoka nsapato a pamsika atha kudula kachidutswa ka labala n'kukalowetsa molimba, bola kasamatulukire kunja. Kuyenda ndi bowo lotsegula ndiye limatola timiyala ndi matope. Ndipo chonde saizi, chizolowezi chathu chija chogula yaikulu ati akulira momwemo apa sichigwira, phazi likamasewera m'kati mwana sangalamulire tayala, gulani yomukwana lero ndipo zingwe zizimangidwa zolimba mpaka bowo lomaliza.

Kuchotsa tayala la Heelys si ntchito yaikulu, mumatembenuza nsapato n'kulowetsa kachida kaja pambali pa kachitsulo kogwira tayala n'kutukula mbali imodzi kenako inayo, likangomasuka limatuluka lokha. Kachida kakasowa sikuludiraiva yafulati imagwira, pang'onopang'ono osaswa pulasitiki. Pobwezera mumaika kachitsuloko m'mipata yake n'kumenya ndi chikhatho kapena kupondapo mpaka mumve kuti lalowa mbali zonse ziwiri, mukatero likokeni muone ngati lagwiradi. Yeserani kunyumba muli phee kangapo, kuti tsiku lochotsa pakhomo la shopu mwana akulira musamavutike. Matayala ndi kachida muzisunga mu chikwama chanu, osati m'thumba la kabudula wa mwana.

Tsopano kuphunzitsa, apa ndi pamene pali nkhani. Pezani malo a simenti yosalala, afulati, ouma, osesedwa bwinobwino, monga khonde lalitali kapena bwalo la netiboli la simenti masana a Loweruka kulibe anthu, mutapempha eni malo. Kusesaku musakuone ngati chibwana, tayala lija ndi laling'ono moti kamwala kochepa ngati njere ya chimanga kamaliyimitsa nthawi yomweyo pamene thupi la mwana likupitirira kutsogolo. Khonde lopaka polishi wofiira m'mawa womwewo nalonso ayi, limaterera mwana akafuna kuima.

Mwana aime phazi limodzi kutsogolo lina kumbuyo pamzere umodzi, osati mapazi pambalipambali ngati ali pa asembule, akayika pambalipambali amagwa chagada mutu kukamenya simenti. Mawondo apinde pang'ono. Inu mugwireni manja onse awiri muli kutsogolo kwake, iye atukule zala za phazi lakutsogolo kuti likhale pa tayala, kenako lakumbuyo, ndiye muzimukoka pang'onopang'ono mukuyenda chobwerera. Ana ambiri amatha kutukula phazi lakutsogolo koma lakumbuyo limakana, limangogwa pansi, n'zachibadwa zimenezo musamukalipire, minofu ya kutsogolo kwa mwendo imatopa msanga ndiye mphindi 10 kapena 15 zakwana apume. Akazolowera musiyeni dzanja limodzi muziyenda pambali pake, kenako azigwira khoma, kumapeto ndi pamene aziyamba yekha, kuponda sitepe imodzi ziwiri, kukankha ndi phazi lakumbuyo n'kutukula zala.

Koma asanaphunzire liwiro aphunzire kuima, ine ndimaona kuti mwana wosadziwa kuima sanaphunzire kalikonse olo atamazungulira khonde lonse anzake akuombera m'manja. Njira yapafupi ndi kutsitsa zala pansi n'kupitiriza ndi timasitepe tothamanga mpaka liwiro lithe, akangotsitsa n'kuuma pomwepo amagwa chafufumimba. Njira ina ndi kutukula zala kwambiri kuti labala wa kumbuyo kwa chidendene akhule pansi ngati buleki, imeneyi imafuna kuzolowera. Chitani kamasewera, inu mukakuwa kuti ima iye aime pomwepo, mubwereze mpaka zilowe m'magazi. Lamulo ndi loti asamathamange liwiro loposa lomwe miyendo yake ingathe kuthamanga yokha.

Zodzitetezera ndikudziwa ena muziti aaa ndalama zake ziti, koma tamverani izi. Madokotala a chipatala cha ana cha Temple Street ku Dublin, dziko la Ireland, analemba mu 2007 kuti pa masabata 10 okha analandira ana 67 ovulala ndi nsapato za matayala ndi timatayala tina tomangirira kuchidendene, ambiri anavulala mikono makamaka kuthyoka pamene timavala wotchi paja, ndipo ochuluka anali ongoyamba kumene. Chifukwa chake n'chosavuta kumva, munthu ukamagwa umatsogoza manja. Ndiye ngati simungagule zonse yambani ndi helimeti ya njinga yokwana mutu wa mwana yomanga pachibwano, ndi zotchinga pamkono zija za pulasitiki, za m'mawondo ndi m'zigongono zibwere pambuyo. Pa kaunjika pomwepo pa mulu wa zidole ndi zikwama nthawi zina zimapezeka. Helimeti ya anjinga yamoto a kabaza ayi, ndi yolemera komanso yaikulu imangozungulira m'mutu.

Nanga muno mu Zomba aziyenda nazo kuti? Kunena zoona malo ake ndi ochepa, tauni yathuyi inakhala m'tsinde mwa phiri ndiye misewu yambiri kaya ndi ya ku Mulunguzi kaya yotsikira ku Chanco ili ndi kamtsetse kena kosaoneka bwino ukamayenda wapansi, koma tayala limakamva. Msewu wa M3 wodutsa m'tauni musayerekeze n'komwe, maminibasi, malole, akabaza a njinga zamoto, m'mbali muli ngalande zotsegula, mwana sangaime pamene mwamuuza. Ku depoti chimodzimodzi. Mu msika waukulu tinjira take ndi topanikizana, amayi asenza madengu, wina akukankha wilibala, pansi pali makoko a nthochi ndi madzi a nsomba, ndiye mwana wanu akagunda thireyi ya mazira wolipira ndi inu ndipo palibe amene angakuikireni kumbuyo. Bola mazira amagulika, nanga akagunda gogo woyenda ndi ndodo kapena mayi woyembekezera kapena chiwaya cha mafuta otentha cha tchipisi?

Kukwera phiri kupita ku Ku Chawe, ku damu la Mulunguzi kapena ku Williams Falls nsapato zimenezi zitsale kunyumba basi, olo mutachotsa tayala, chifukwa pansi pake m'posalala sizigwira pa miyala yonyowa ya ndere. Msewu wokwera phiri uja ndi wokhotakhota komanso wotsetsereka zedi, mumatsikanso njinga zodzaza nkhuni, mwana akatsika galimoto pogula masitiroberi n'kutukula zala pamenepo simungamugwire. Ku Botanical Gardens ndi kwa kapinga ndi dothi tayala siliyenda, amangodzivutitsa. Nthawi ya dzinja kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, ndi mvula ya ku Zomba mmene imagwera, simenti ya panja imamera ndere, ingodikirani kuume.

Pena mayesero aakulu amabwera mukapita ku Blantyre ku Chichiri kapena ku Gateway Mall ku Lilongwe, matailosi osalala aja mwana akangowaona mapazi amayabwa. Chotsani matayala muli mu galimoto kapena musanatsike basi, osadikira mlonda akuuzeni pamaso pa anthu. M'mashopu muli matrole, mabotolo, makona a mashelufu ofika m'maso mwa mwana ndi tiana tongoyamba kuyenda tomwe timangotulukira pena paliponse. Ku tchalitchi, ku mzikiti, ku ukwati, ku graduweshoni ku Great Hall ya ku yunivesite, kuchipatala kokaona odwala, konseku tayala lituluke. Ku sukulu funsani aphunzitsi kaye, koma ine ndingati ingomuvekani za sukulu zomwezo.

Amene mumatengako ana kunja ku mapaki akuluakulu a zisangalalo dziwani kuti kumeneko si nkhani yokambirana. Ku Disneyland ku California ndi ku Walt Disney World ku Florida nsapato zokhala ndi matayala zili pa mndandanda wa zinthu zoletsedwa kulowa nazo, pamodzi ndi ma skateboard ndi ma scooter. Ndipo ukaganiza bwino akunena zoona, anthu ndi khwimbi, mizere ndi yaitali, pali ngolo za makanda ndi njinga za olumala, pansi pamanyowa pafupi ndi masewera a madzi. Ngati ulendo ndi wa ku Gold Reef City ku Johannesburg kapena paki ina iliyonse werengani malamulo awo pa intaneti musananyamuke, koma chanzeru n'kungonyamula nsapato wamba, pakuti tsiku lonse loyenda ndi nsapato yolemera chonchija mwana amatopa n'kuyamba kufuna kuberekedwa. Kwathu kuno zomwe timakumana nazo kwambiri ndi ma fun day a ku sukulu ndi maphwando a Khirisimasi a jumping castle, uko amavula nsapato polowa mu chibaluni koma potuluka amavala mothamanga zingwe osamanga, muzimuyang'ana pamenepo.

Gwirizanani ndi mwana musanatuluke pakhomo, osati mutafika kale. Muuzeni kuti uko tikupita matayala akhala mu chikwama cha amayi, tikabwerako uli ndi nthawi yako pakhonde, ndipo mukabwerako mumupatsedi nthawiyo chifukwa mukamunamiza kamodzi ulendo wina abisa kachida. Ngati nsapato ndi za kabatani palibe chochitira, avale zina. Anti kapena mkulu wake amene amamuperekeza auzidwenso zomwezo, komanso za kubwerekana ndi ana a neba muchenjere nazo, wobwereka ndi amene sanaphunzire ndipo saizi si yake, akathyoka mkono pakhonde panu mlandu ndi wanu ndi makolo ake.

Fumbi lathuli limadya msanga mabering'i, tizitsulo tija ta m'kati tozunguza tayala, ndiye pakapita masiku chotsani tayala mutsuke bowo ndi mswachi wakale wouma, tsitsi ndi ulusi zokulungika pa kachitsulo muzichotse, mudonthezere kadontho ka oyilo wa makina osokera n'kupukuta wotsala kuti asafike pa tayala penipeni. Osaviika tayala mu beseni la sopo, limachita dzimbiri.

Akagwa, poti kugwa agwa ndithu, zokalika tsukani ndi madzi oyera ndi sopo. Koma dzanja likatupa, likapindika modabwitsa, kapena mwana akukana kuti muligwire ndipo sakutha kugwira olo kapu, musalikoke kuti muliwongole ndipo musalithowe ndi madzi otentha ngati mmene timachitira munthu akabinya. Ligonekeni pa katoni yopinda kapena kathabwa, mangani mosathinitsa ndi nsalu, likolekeni m'khosi ndi chitenje, mupite naye ku chipatala cha Zomba Central akamujambule, ngati lathyoka amuika chikhakha. Musamudyetse kaye chakudya mpaka adokotala amuone. Akamenyetsa mutu muyang'anireni tsiku lonse ndi usiku womwe, akakomoka olo pang'ono, akamasanza, akamangofuna kugona mosadzutsika bwino, akamalankhula zosokonekera kapena kudandaula mutu womwe ukungokulirakulira, pezani galimoto nthawi yomweyo olo ukhale usiku, musadikire kuche.