Momwe mungapangire diorama ya asilikali a 1914 pa doko la Fort Johnston

Diorama ndi kachiwonetsero kakang'ono ka pathabwa koonetsa malo ndi chochitika ngati zenizeni: nthaka, madzi, mitengo, anthu ndi zida zawo. Kumayiko akunja anthu amagula tiasilikali ndi tiakasinja ta pulasitiki topangidwa kale ndi makampani monga Tamiya ndi Airfix, n'kumangolumikiza ndi kupaka penti. Kuno zimenezi n'zosowa, ndipo kuitanitsa kunja n'kodula. Koma aliyense amene anapindapo galimoto ya mawaya ali mwana luso la manja ali nalo kale. Chimene chimasiyanitsa diorama ndi chidole wamba ndi muyeso: chilichonse cha pathabwapo, ngakhale mchenga, chiyenera kuchepetsedwa mofanana.

Yambani ndi kukaona chenichenicho

Musathamangire nkhondo ya ku Ulaya imene munangoionera pa kanema. Boma la Mangochi lomweli linayamba ngati malo a asilikali. Harry Johnston, mkulu wa boma la Angerezi kuno, anamanga linga la Fort Johnston mu 1891 kutsidya la kum'mawa kwa Shire, ndipo kenaka boma linasamukira kutsidya la kumadzulo, kumene kuli tawuni ya Mangochi lero. Sitima ya nkhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen inalowa m'madzi konkuno mu 1899. Pa 13 August 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitimayi motsogozedwa ndi Captain Rhoades inakapeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhafen, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuiwombera kuti isagwirenso ntchito.

Mfuti ya mtundu wa Hotchkiss yochokera pa Guendolen ilipo mpaka lero pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria imene inamangidwa mu 1903, musanakwere mlatho wa Bakili Muluzi. Pitani ndi tepi ya atelala, kope ndi foni. Yezani kutalika kwa mpope wake, kunenepa kwake kutsogolo ndi kumbuyo, ndi msinkhu wa choikapo chake, ndipo muijambule mbali zonse. Mukatero mulowe ku Lake Malawi Museum, chapafupi pomwepo, mukaone mmene kutsogolo kwa sitimayo kunkaonekera. Chimene tipange pano ndi gombe la Shire m'chilimwe cha 1914: mphuno ya sitima ili pa doko, asilikali ochepa ali chiimire, amtengatenga akukweza katundu.

Muyeso

Miyeso imene opanga ma diorama a zankhondo amaikonda ndi 1:72 ndi 1:35. Pa 1:72 munthu wotalika mamita 1.7 amakhala masentimita 2.4 okha, ndipo kuumba nkhope pa kanthu kotere n'kudzizunza. Tengani 1:35. Chilichonse chimene mwayeza muchigawe ndi 35. Munthu yemwe uja akhala pafupifupi masentimita 5, bango la mamita 3 likhala masentimita 8.6, bwato la mamita 5 likhala masentimita 14. Thabwa la masentimita 40 m'litali ndi 30 m'lifupi likuimira malo a mamita 14 ndi 10.5. Sitima yonse siingakwane pamenepo, n'chifukwa chake tikupanga mphuno yokha, ngati kuti mbali yotsalayo yapitirira kunja kwa thabwa.

Dulani kamunthu ka katoni kotalika masentimita 5 ndipo kazikhala pambali panu mpaka ntchito ithe. Mwala, bokosi, chitseko, chilichonse musanachimate chiimikeni pafupi ndi kamunthuko. Ngati bokosi la zipolopolo likukafika m'khosi, ndiye kuti lakula.

Thabwa ndi nthaka

Pemphani chidutswa cha plywood kwa akalipentala, ndipo mutengeretu utuchi ndi guluu woyera wa matabwa. Jambulani ndi pensulo pamene pathere madzi, ndipo mzerewo udutse chopingasa, usalondole m'mphepete mwa thabwa, chifukwa gombe lowongoka ngati la rula limaoneka labodza. Mbali ya mtunda ikwezeni ndi zoyera zopepuka zija zimabwera m'makatoni a wailesi ya kanema ndi mafiriji. Zisemeni ndi mpeni kuti zitsetsereke kulowera kumadzi. Zimenezi zimateni ndi guluu woyera yekha. Super glue ndi penti wopopera amazisungunula, zimachita maenje.

Pamwamba pake matanipo nyuzipepala yonyowetsedwa m'guluu wosakaniza ndi madzi, theka ndi theka, magawo awiri kapena atatu. Ena amagwiritsa ntchito phala la ufa kuti asagule guluu. Musayerekeze, mukhala mwaphikira mphemvu ndi chiswe.

Pa nkhani ya mchenga ndi pamene ambiri amagwa. Poti tili nawo wambirimbiri kunyanja, munthu amangotapa n'kumwaza. Koma kamchenga ka milimita imodzi pa muyeso wa 1:35 ndi mwala wa masentimita 3.5, choncho asilikali anu aoneka ngati aima pa miyala ya kwale. Tengani dothi louma la m'mbali mwa msewu ndi mchenga wosalala kwambiri, mukazinge m'chiwaya chakale kuti tizilombo ndi mazira ake zife, kenaka musefe ndi sefa wa ufa. Amene ali ndi chipiriro asefenso ndi kansalu kopyapyala. Pakani guluu pa mtunda wonse, wazani dothi losefalo, dikirani tsiku lathunthu, ndipo mutembenuze thabwa kuti losagwira ligwe. Zokhakhala zotsala m'sefa musataye, zikhala timiyala ta m'mphepete mwa madzi. Dothi lisanaume, dindani mapazi ndi kamtengo ndipo kokani mizere ya pamene anakwekwesa mabokosi. M'malire mwa madzi dothi likhale loderako, ngati lonyowa.

Sitima ndi mfuti

Mphuno ya sitima iumbeni ndi katoni wolimba kapena malata a chitini cha mafuta ophikira. Pansi pake pakhale pafulati, chifukwa mbali ya m'madzi siioneka. Sitimayo inali yachitsulo, choncho lembani mizere ya malata ndi msomali, ndipo mitu ya misomali yolumikizira muipange podontheza timadontho ta guluu ndi nsonga ya singano. Matabwa a pamwamba adulenidule kuchokera ku nsungwi yong'amba mopyapyala, ndipo zogwirira za m'mbali zikhale za waya wa kopa wa m'zingwe zakale za magetsi.

Mfuti ndiyo imene aliyense wa ku Mangochi aizindikire, choncho apa musafulumire. Gawani miyeso yanu ija ndi 35. Mpope ungachokere ku kachubu ka inki ka m'bolopeni kapena kamtengo ka switi, malinga ndi kunenepa kumene mwapeza. Kumbuyo kumene imanenepa kulungani kapepala kopaka guluu mpaka ifike pa muyeso. Doko limangeni ndi timitengo ta machesi ndi nsungwi, ndipo bwato la asodzi mulisepe kuchokera ku chiwale.

Madzi

Matani sitima, mizati ya doko ndi bwato musanayambe madzi. Shire si wa buluu ngati wa pa mapu a kusukulu. Imani pa mlatho muone: pakati ndi wobiriwira moderako, m'mbali ndi wotuwa ngati dothi. Pakani thabwa mitundu imeneyi ndi penti wa madzi, ndipo muisakanize pamene ikukumana isanaume. Pofuna timafunde, yalani tishu, muinyowetse ndi guluu wamadzimadzi, n'kumaikankha pang'onopang'ono ndi burashi kuti ichite makwinya, onse olowera mbali imodzi chifukwa mtsinje umayenda. Zikauma pakaninso penti, kenaka vanishi wonyezimira. Vanishi azikhala wopyapyala, magawo anayi kapena asanu, lililonse liume kaye. Mukathira wambiri nthawi imodzi amauma pamwamba pokha, m'kati n'kukhala chiphalaphala kwa masabata.

Udzu, bango ndi mitengo

August kuno ndi nthawi ya fumbi ndi mwera, udzu umakhala utauma. Masulani chingwe cha khonje, dulani timitolo ta masentimita 2 kapena 3, boolani nthaka ndi msomali, n'kubzala ndi kadontho ka guluu. Musabzale m'mizere, ndipo pamene anthu amaponda pakhale pambalambanda. Bango la m'mphepete mwa madzi lokha ndilo likhale lobiriwira. Mtengo umodzi wakwana, ndipo mgwalangwa ndi umene ungauze munthu kuti kuno ndi kunyanja: thunthu la waya wopota wokulunga ndi ulusi, masamba a pepala lopinda ngati fani n'kulidula mano.

Anthu

Ntchito yaikulu ili apa. Pindani mafupa a waya: msana, miyendo, mikono, ndipo pansi pa phazi musiye kawaya kobaya m'nthaka. Mpatseni kaimidwe kake waya akadali wopanda kanthu, wina wawerama, wina wasenza bokosi, wina akuloza. Kenaka kutani ndi dothi la pachulu losefa losakaniza ndi guluu woyera. Dothi lokha limang'aluka likauma. Mutu usapitirire mamilimita 7, ndipo nkhope musalimbane nayo: mphuno ndi mthunzi wa maso zakwana.

Asilikali a King's African Rifles, gulu la asilikali achiafirika limene Angerezi anakhazikitsa mu 1902, ankavala malaya ndi kabudula wa khaki, ndi nsalu zokulunga m'miyendo kuchokera m'kakolo kufika m'bondo, ndipo ambiri ankayenda opanda nsapato. Chisoti cha fez (chozungulira, chafulati pamwamba, chopanda mlomo) cha asilikali a ku Nyasaland chinali chakuda, osati chofiira ngati cha anzawo a ku Kenya ndi Uganda. Zovala zipangeni ndi tishu yonyowetsa m'guluu, imachita makwinya ngati nsalu. Amtengatenga musawaiwale, ndipo achuluke kuposa asilikali, chifukwa nkhondo imeneyo katundu wake anayenda pamitu pa anthu akuno. Anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu akwana pathabwa lotere. Onse akhale ndi chochita, asamayang'ane kwa woonera ngati akujambulitsa.

Kudetsa ndi kusunga

Penti watsopano amapangitsa zonse kuoneka ngati zongotuluka m'sitolo. Sungunulani penti wakuda ndi wofiirira m'madzi ambiri mpaka akhale ngati tiyi wopanda mkaka, muwaze pa sitima, mfuti ndi zovala kuti alowe m'mizere ndi m'makwinya. Zikauma, viikani burashi m'penti wowalako, muipukute pa nsanza mpaka itatsala pang'ono kuuma, n'kupititsa mopepuka m'makona. Makala osinja apereka mwaye, njerwa yopera ipereka dzimbiri pa malata, ndipo dothi losefa lija lipakeni m'miyendo mwa anthu onse. Anthu ndi nthaka musazipake vanishi wonyezimira, wonyezimira ndi wa madzi okha.

Pomaliza pakani m'mbali mwa thabwa penti wakuda ndipo lembani kachikwangwani ka malo, chaka ndi muyeso. Fumbi la Mangochi silichedwa kukwirira madzi anu aja, choncho odula magalasi akupangireni bokosi lovindikira, kapena mumange felemu ya nsungwi n'kukuta ndi pulasitiki woonekera. Muiike pamthunzi, kutali ndi zenera, chifukwa dzuwa la October limapinda katoni ndi kufwifwitsa penti.