Momwe mungasungire matchizulo kuti asabunthe komanso asachite dzimbiri

Mmisiri aliyense amene amapala matabwa pakhomo pake, kaya m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba kapena pansi pa shedi ya malata, amadziwa kuti kunola tchizulo imodzi mpaka iyambe kudya thabwa mosavuta kumafuna nthawi ndi kuleza mtima. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ntchito yonseyo imatha kupita m'madzi tsiku limodzi lokha, tchizulo ija ikaponyedwa m'bokosi momwe muli hamala, tupa, masipanala ndi misomali. Chitsulo cha tchizulo chimalimbitsidwa ndi moto kuti chisamabunthe msanga, ndipo nsonga yake imanoledwa mopendekera pa madigiri 25 mpaka 30, kotero kuti kumapeto kwenikweniko kumakhala kopyapyala kwambiri. Chitsulo cholimba chotere sichipindika chikagundidwa, koma chimabenthuka. Pa zaka zimene ndakhala ndikugwira ntchitoyi ndaona kuti matchizulo ambiri amawonongekera posungira kusiyana ndi pa thabwa, ndipo zimene zimawawononga ndi ziwiri, kugundana ndi zitsulo zina komanso chinyontho chimene chimabweretsa dzimbiri.

Yambani ndi kuwatulutsa onse

Yalani nsalu pa benchi, kenaka tulutsani matchizulo onse kulikonse kumene ali, ndipo muwandandalike kuyambira waung'ono kufikira waukulu. Ambirife tili ndi a mamilimita 6, 12, 19 ndi 25, amene amisiri akale amawatchulabe m'mainchi, kuyambira kota mpaka inchi yathunthu. Ikani paokha matchizulo onenepa okumbira mabowo olumikizira mafelemu a zitseko ndi miyendo ya mipando, ndipo okhota pakamwa, amene osema ziboliboli amagwiritsa ntchito, akhalenso paokha.

Pamenepa sankhani tchizulo imodzi yakale imene yatha kale ntchito, muikulunge tepi yofiira pa mpini, ndipo ikhale ya ntchito zonse zokhakhala monga kupala guluu wouma, kutsegula chitini cha penti kapena kukumba thabwa limene mukuganiza kuti muli msomali wobisika. Mnansi akabwera kudzabwereka, mupatseni imeneyo ndi mtima wonse. Imeneyi musaiike pamodzi ndi inayo, chifukwa dzanja likazolowera kupeza zonse pamalo amodzi, tsiku lina mudzatsegula penti ndi tchizulo yabwino.

Tsukani ndi kuchotsa dzimbiri musanawasunge

Kusunga chitsulo chakuda n'kusunga dzimbiri pamodzi nacho. Utomoni wa paini, monga wa matabwa a ku Chikangawa, umamatirira pa chitsulo n'kumakola utuchi, ndipo utuchiwo umamwa chinyontho. Kansalu konyowetsedwa ndi palafini kamachotsa utomoniwu mosavuta. Dzimbiri lapamwamba, lofiirira ngati fumbi, limachoka ndi sitiliwulu ndi dontho la mafuta, koma ngati lalowerera, tengani sandipepala wosalala wa nambala 400 kenaka 600, mumuyale pa chidutswa cha galasi, ndipo mukhule tchizuloyo itagona mosapendekeka.

Mbali imene muyenera kuiyang'anitsitsa ndi yakumsana, yathyathyathya ija, makamaka pafupi ndi nsonga. Anthu ambiri amasamala mbali yopendekera yokha poti ndi imene imanoledwa, koma kuthwa kwa tchizulo kumachokera pamene mbali ziwirizo zakumana. Dzimbiri likakumba timaenje kumsanako, mudzanola mpaka kutopa koma nsonga idzatulukabe ndi timipata, ndipo pa thabwa lofewa idzasiya mizere. Zikafika pamenepo palibe njira yachidule, koma kukhula msanawo pa mwala wonolera kufikira timaenje tonse ta pafupi ndi nsonga titatha.

Ena amaviika zitsulo zadzimbiri mu viniga, ndipo njirayi imagwiradi ntchito, koma musazisiyemo masiku, chifukwa viniga akamaliza dzimbiri amayamba kudya chitsulo chenichenicho. Maola ochepa ndi okwanira, mpini usalowe nawo, ndipo mukatulutsa tsukani m'madzi a soda, pukutani, umitsani padzuwa ndi kupaka mafuta nthawi yomweyo.

Sankhani malo mosamala

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, chifukwa chipinda chogwiriramo ntchito pakhomo nthawi zambiri chimakhalanso sitolo ya banja lonse. Ngati m'chipindamo mumasungamo matumba a feteleza, dziwani kuti zitsulo zanu zili pangozi, pakuti feteleza amakoka chinyontho ndipo fumbi lake limadya chitsulo mofulumira, monga mmene mumaonera pa khasu kapena wilibala imene yanyamulapo Urea osatsukidwa. N'chimodzimodzinso ndi mchere komanso batire la galimoto kapena la sola. Ngati palibe chipinda china, matchizulo akhale m'kabati yotseka, kutali ndi zinthu zimenezi.

Pansi pa simenti sipoyenera kuikapo bokosi la zipangizo, popeza simenti imatulutsa chinyontho chochokera m'nthaka, makamaka m'nyengo yamvula kuyambira Novembala mpaka Epulo. Khoma lakunja limene mvula imawomba nalonso limanyowa mpaka mkati, choncho sankhani khoma lamkati ngati lilipo. Yang'ananinso kumwamba. Denga la malata lopanda siling'i limagwira mame usiku kukazizira, ndipo m'mawa madontho amagwera pa chilichonse chimene chili pansi pake. Amene amakhala ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre amadziwanso kuti chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimanyowetsa mpweya ngakhale mvula yeniyeni itatha kalekale, ndipo a m'mphepete mwa nyanja, monga ku Nkhata Bay, amalimbana ndi chinyontho kwa miyezi yambiri.

Malowo akhale pafupi ndi benchi, pamene mungafikire mutangotambasula dzanja, chifukwa posungira patali palibe amene amabwezapo chipangizo ali pakati pa ntchito. Kutalika kwake kukhale cha pachifuwa cha munthu wamkulu, ndipo ngati pakhomo pali ana, chipindacho kapena kabatiyo izikhala yokhoma.

Pangani chopachikira cha thabwa

Mwa njira zonse, imene ndimaikhulupirira ndi chopachikira cha pakhoma, chifukwa tchizulo iliyonse imakhala ndi malo akeake, mpweya umadutsa, ndipo imodzi ikasowa mpata wake umaoneka musanatseke chitseko madzulo.

Mufunika zidutswa zitatu za thabwa louma bwino. Zotsala za mlombwa, mbawa kapena paini n'zokwanira. Pewani thabwa laliwisi, makamaka la bulugamu, limene madzi ake amadetsa chitsulo, ndiponso pewani matabwa obiriwira othiridwa mankhwala oteteza ku chiswe, chifukwa mankhwalawo amachititsa dzimbiri.

Chidutswa choyamba ndi chakumbuyo, chimene chidzakhomedwa kukhoma, ndipo kwa matchizulo khumi chikhale cha masentimita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi. Chachiwiri ndi kashelefu kopachikapo, ka masentimita 60 m'litali, 7 m'lifupi ndi 2 kuchindikala. Lembani mzere pakati pa kashelefuko, ndipo pa mzerewo ikani zizindikiro zotalikirana masentimita 5 kapena 6, kuti zala zizilowa pakati pa mipini popanda kukhudza tchizulo yoyandikana nayo. Musaboole mabowo ofanana onse. Yezani tchizulo iliyonse pakhosi, pamene chitsulo chakumana ndi mpini, ndipo bowo lake likule pang'ono kuposa khosilo koma lichepe poyerekeza ndi mpini, kuti mpiniwo ukhale pamwamba pa thabwa chitsulo chikulendewera pansi. Poboola ikani thabwa lina pansi kuti kunsi kusang'ambike.

Tchizulo ya mamilimita 25 singalowe pa bowo la mamilimita 16 kuchokera pamwamba, choncho chekani ndi sowo kanjira kochokera kutsogolo kwa kashelefu kukafika pa bowo, kokwanira kudutsa khosi lokha. Kanjirako kakhale kocheperapo kuposa bowo, kuti mpini ukakhazikika usaterereke n'kutuluka khoma likagwedezeka. Kenaka salazani m'mphepete mwa mabowo ndi sandipepala, ndipo mumange kashelefuko ku thabwa lakumbuyo ndi guluu ndi masikuluu olowera kumbuyo.

Chidutswa chachitatu ndi chimene ambiri amachisiya, koma kwa ine n'chofunika kuposa zinazo. Ndi kathabwa kopyapyala, ngakhale ka pulayiwudi, kotchinga kutsogolo kwa nsonga zonse. Popanda chimenechi, nsonga khumi zakuthwa zimakhala zikulendewera pamene dzanja limadutsa potenga chinthu pa benchi, ndipo bala la tchizulo yonoledwa bwino limalowa kwambiri munthu asanamve n'kupweteka komwe. Khomani timatabwa tiwiri m'mbali, mumangirepo chotchingacho, koma pansi pasiyeni potsegula kuti utuchi uzigwa ndipo nsonga zisakhudze kanthu. Pokhoma kukhoma, ikani timizere tiwiri ta thabwa kumbuyo kuti pakhale kampata ka mpweya pakati pa njerwa ndi chopachikira. Pomaliza lembani ndi pensulo kukula kwa tchizulo iliyonse patsogolo pa bowo lake.

Pali chenjezo limodzi pa mtundu wa mipini. Matchizulo ambiri ali ndi kamchira kachitsulo kolowa mkati mwa mpini, ndipo amenewa amapachikika popanda vuto. Koma alipo ena, makamaka akale, amene mpini wake ndiwo umalowa m'chitsulo chonga fanulo, ndipo umangogwira chifukwa chothina. Kukatentha mu Seputembala ndi Okutobala mtengo wa mpini umauma n'kuchepa, chitsulo n'kuvuka chokha kugwera pa simenti kapena pa phazi. Oterewa bowo lake lichepe kuti chogwira pa thabwa chikhale chitsulo chofutukukacho, osati mpini, ndipo powatenga muzigwira chitsulo ndi mpini pamodzi.

Ngati mulibe khoma, kapena mumayenda ndi zipangizo

Amene amachita lendi ndipo saloledwa kukhoma misomali angagwiritse ntchito dirowa kapena bokosi lathabwa. Matani timizere ta thabwa pansi pake kuti tchizulo iliyonse igone m'khwawa lakelake, nsonga zonse ziloze kumbuyo, ndipo kumapetoko kukhale kathabwa kofewa koti nsonga zizigunda dirowa ikatsekedwa mwamphamvu. Timapaketi toyamwa chinyontho timene timabwera m'mabokosi a nsapato tiponyeni momwemo m'malo motitaya, koma timathandiza m'bokosi lotseka lokha.

Wopita kukakhoma zitseko kwa makasitomala apite kwa telala ndi nsalu yolimba ya tenti kapena jinzi yakale, amusokere chokulungira chokhala ndi timatumba ndi chivindikiro chopindikira pamwamba. Nsonga iliyonse ivale kachipewa ka katoni kokulungidwa ndi tepi, apo ayi idzaboola nsalu. Chikopa n'cholimba ndipo chimaoneka bwino, koma chimasunga chinyontho, ndipo mankhwala ofufutira zikopa zina amadetsa chitsulo, kotero si malo osiyamo matchizulo kwa milungu yambiri. Mukafika kunyumba atulutseni.

Za maginito opachika kukhoma, ine sindiwalimbikitsa pa matchizulo. Chitsulo chikakhalitsapo chimatenga mphamvu ya maginito, ndipo ponola tizitsulo tosalala timakakamira kunsonga. Komanso tchizulo yolemera ikagundidwa pang'ono imagwa chansonga.

Mafuta, ndi chizolowezi cha madzulo

Thukuta la m'manja lili ndi mchere, n'chifukwa chake dzimbiri limayambira pamene zala zimagwira. Pezani kachitini kakang'ono, mukulunge nsalu yathonje mothinitsa, muilowetse m'chitinimo itatulukira pang'ono pamwamba, ndipo muithire mafuta a makina osokera mpaka inyowe. Kachitini kameneka kazikhala pa benchi. Mukaweruka, pukutani tchizulo iliyonse ndi nsalu youma, muidutsitse kawiri pa kachitinika, mbali zonse ziwiri, n'kuibweza pamalo pake. Mafutawo akhale ochepa oti chitsulo chingowala, chifukwa ochuluka amakola fumbi ndipo amadetsa thabwa.

Mafuta ophikira musagwiritse ntchito, pakuti akakhalitsa amanata ngati ulimbo. Oyilo wakuda wochoka mu injini nayenso ndi wosayenera, chifukwa ali ndi zinyalala ndipo banga lake pa thabwa loyera silichoka. Pa nthawi ya ntchito, tchizulo muziigoneka pakati pa benchi, nsonga italoza kutali ndi inu ndipo isatulukire m'mphepete, ndipo ikayamba kugubuduka n'kugwa, chotsani phazi ndi kuisiya igwe, musayese kuiwakha.

Ambirife ntchito ya matabwa imayima kaye mvula ikagwa, pamene manja onse ali kumunda, ndipo imeneyi ndi nthawi yomwe chinyontho chimachuluka. Ngati mukudziwa kuti papita mwezi kapena kuposerapo musanagwire tchizulo, pakani Vaseline pa chitsulo chonse, mukulunge iliyonse payokha m'pepala lopakidwanso mafuta, ndipo muziike m'bokosi lotseka bwino pamwamba pa shelefu. Pakatha milungu iwiri kapena itatu tsegulani muone kumsana kwa iliyonse. Tsiku lobwerera ku ntchito, chotsani Vaseline yense ndi palafini kapena sipiriti musanakhudze thabwa, chifukwa pamene mafuta alowa, guluu sagwira ndipo vanishi amakana.