Mwana akaulula kuti wansembe wamuchita zachipongwe: poyambira ndi pati kuno ku Mulanje

Nkhani ya mwana wogwiriridwa ndi wansembe imatha kufera pakhonde la nyumba ya ansembe. Makolo amathamangira kwa bambo mfumu, akuluakulu a mpingo amati tidekhe tikambirane ngati banja limodzi, masabata amadutsa, kenako mumangomva kuti abambo aja asamutsidwa. Pofika pamenepo umboni wa kuchipatala unafufutika kale, ndipo mwana waona kuti kuyankhula kwake sikunaphule kanthu. Izi ndi zomwe atolankhani a Boston Globe anavumbulula ku America mu 2002: ansembe ochimwira ana ankangosunthidwa kuchoka parishi iyi kupita ina. Ku France, kafukufuku yemwe mpingo womwe unapempha anapeza mu 2021 kuti ana pafupifupi 216,000 anachitidwa nkhanza zotere ndi ansembe ndi ena a m'zipani za mpingo kuchokera mu 1950.

Sindikunena kuti wansembe aliyense ndi wotero. Ambiri akutumikira mokhulupirika, ndipo nkhanza zotere zimachitikanso m'mipingo ina, m'sukulu ngakhale m'nyumba zathu zomwe. Koma wopalamulayo akakhala munthu amene timamutchula kuti abambo, amene amabatiza ana athu ndi kuyika maliro athu, miyendo imalemera. N'chifukwa chake dongosolo loyendera nkhaniyi liyenera kudziwika tsoka lisanagwe: chipatala, polisi, kenako mpingo.

Mverani mwana, ndipo musamupanikize

Mwana sabwera ndi nkhani yonse nthawi imodzi. Mwina angoti sakufunanso kukatumikira pa Misa, kapena akukana kutumidwa kukasiya ndiwo kunyumba ya ansembe pomwe kale ankathamangira. Wina amayamba kukodza pogona, wina amapezeka ndi ndalama kapena foni yomwe simunamugulire. Akayamba kuyankhula, khalani pansi. Musakuwe, musamumenye, musamufunse kuti "Nanga iwe unkakatani kumeneko?" Muuzeni mawu ochepa: "Ndakumva mwana wanga, ndakukhulupirira, iwe sunalakwe." Mufunse zokhazo zokuthandizani kudziwa ngati wavulala komanso tsiku lomwe zachitika. Zina adzafunsa ndi anthu ophunzitsidwa ntchitoyi, chifukwa mwana akafotokoza kwa amayi, kwa agogo, kwa amalume, kwa atsogoleri a limana, nkhani imayamba kusinthasintha ndipo loya wa woimbidwa mlandu adzagwira pomwepo.

Usiku womwewo lembani m'kope zomwe mwana wanena, m'mawu ake enieni, ndi tsiku lake. Anyamata nawonso amachitidwa zimenezi, ndipo manyazi awo amakhala aakulu zedi, choncho musanyozere.

Kuchipatala, pasanathe maola 72

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amataya mwayi. Mankhwala oteteza ku HIV, aja amati PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu, ndipo amamwedwa kwa masiku 28. Mankhwala oteteza mtsikana kuti asatenge pakati nawonso amafuna changu chomwecho. Musadikire kuti amalume ake abwere kuchokera ku esiteti, musadikire Lamulungu kuti muonane ndi akhristu anzanu. Kwerani kabaza kapena minibasi mupite kuchipatala cha boma pa Mulanje boma, kapena chipatala chaching'ono chomwe muli nacho pafupi, iwo akutumizani koyenera. Ngakhale musanapite kupolisi, pitani ndithu, chithandizo cha mwana sichidikira kalata.

Ngati zangochitika kumene, mwana asasambe kaye, ngakhale mtima wa kholo umafuna kumutsuka msanga. Zovala zomwe anavala, makamaka zamkati, musazichape. Zikulungeni mu pepala loyera kapena mu envelopu yaikulu, osati mu jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi n'kuwononga umboni. Tengani buku lake la kuchipatala, ndipo onetsetsani kuti dokotala walemba zomwe wapeza. Ku Blantyre, pachipatala cha Queen Elizabeth, kuli malo otchedwa Chikwanekwane komwe achipatala, apolisi, a zachisamaliro cha anthu ndi alangizi amathandizira mwana pamalo amodzi. Funsani ngati mungatumizidweko kapena ngati chithandizo chotero chilipo pa boma pompano.

Masiku atatu akadutsa musanene kuti basi zatha. Pitanibe. Matenda ambiri opatsirana pogonana amachizika, ndipo lipoti la dokotala limakhalabe ndi ntchito.

Kupolisi

Mukafika, funsani ofesi ya Victim Support Unit. Ndi komwe amalandira nkhani za ana ndi amayi, mosiyana ndi pa kauntala pomwe aliyense akumvetsera. Lembetsani dandaulo, funsani dzina la wapolisi yemwe wapatsidwa nkhaniyo ndi nambala ya mlandu, muzilembe m'kope lija. Ngati polisi ili kutali kapena mukuchita mantha, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana yomwe amayendetsa a YONECO. Dziwitsaninso ofesi ya Social Welfare ya pa boma, ndi iwo amene angapezere mwana malo otetezeka ngati pakhomo pakubwera anthu omuopseza.

Malamulo ali kumbali ya mwana. Kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Gawo 138 la Penal Code limati wogona ndi mwana akhoza kukhala kundende moyo wake wonse, ndipo mu 2023 lamuloli linasinthidwa n'kukweza msinkhu wotetezedwa pa mlanduwu kuchoka pa zaka 16 kufika pa 18. Zoti "mtsikanayo anavomera yekha" sizigwira ntchito kukhoti. Kumugwiragwira mwana malo obisika kapena kumuonetsa zithunzi zolaula ndi milandunso. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la mu 2010 limapereka udindo kwa achibale ndi anthu a m'dera wokanena mwana akamazunzidwa. Palibe ndime yomwe imapatula wovala mkanjo.

Khoti lidzafuna umboni wa zaka za mwana. Sungani bwino chiphaso chobadwira, khadi la kusikelo, ndi khadi la ubatizo lomwe lili m'manja mwanu, pokumbukira kuti kaundula wa ubatizo amakhala ku ofesi ya parishi. Mauthenga a pa foni ndi a pa WhatsApp musafufute, ngakhale akunyansa kuwawerenga. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza ndalama zomwe ankatumizira mwana asungeninso. Ndipo musayambe mwakamufunsa wansembeyo kapena kulemba pa Facebook apolisi asanagwire ntchito yawo. Muloza si patali, munthu wochenjezedwa atha kuwolokera ku Mozambique tsiku lomwelo, komanso mukatchula dzina lake pagulu anthu amadziwiratu kuti mwanayo ndi uti.

Za kukambirana

Ndikhalitsepo apa, chifukwa ndi pamene mitima imagwedezeka. Kudzabwera anthu, ena ndi achibale anu enieni, ena ndi omwe mumaimba nawo kwaya. Adzati musachititse manyazi mpingo. Adzati kodi fizi ya mwanayu ankalipira ndani, nanga mng'ono wake apitiriza bwanji sukulu. Mwina adzabwera ndi envelopu, kapena lonjezo la malata. Kwa banja lodalira kuthyola tiyi kapena kugulitsa nanazi pamsewu, amenewa si mayesero ang'ono, ndipo sindikunyoza kholo lomwe mtima wake wagwedezeka. Koma fizi ija, nthawi zambiri, ndi njira yomwe wozunza amatsekera banja pakamwa asanayambe n'komwe kukhudza mwana. Mukalandira envelopu, mwana wanu adzadziwa kuti ululu wake unagulitsidwa, ndipo munthu uja apita kwa mwana wina.

Mlandu wotere si wa kwa amfumu, si wa mwinimbumba, si wa khonsolo ya parishi. Ndi mlandu wa boma. Amfumu ndi amalume ntchito yawo ndi kuperekeza banja kupolisi ndi kuliteteza ku mphekesera za m'mudzi. Aliyense wokuopsezani kapena kukunyengererani kuti muthetse mlandu, kamuneneni kwa wapolisi wofufuza uja. Kukhululuka ndi nkhani ya mumtima mwa wolakwiridwa, pa nthawi yake, ndipo sikuletsa khoti kugwira ntchito.

Tsopano dziwitsani mpingo

Mukatha kupolisi, lembani kalata yopita kwa Ambuye Arkiepiskopi ku Blantyre, popeza maparishi a ku Mulanje ali pansi pa Arkidayosizi ya Blantyre. Ngati wansembeyo ndi wa chipani cha ansembe cha mumpingo, lemberaninso mkulu wa chipanicho. Kalata ikhale yaifupi: zomwe zachitika, liti, kuti, ndi kuti nkhani ili kupolisi. Pemphani kuti aimitsidwe kaye pa ntchito yokumana ndi ana pamene kufufuza kuli m'kati. Sungani kope yake, ndipo wolandira asayine ndi kulemba tsiku.

Simukulimbana ndi mpingo potero, mukutsata malamulo ake omwe. Mu Meyi 2019 Papa Francis anakhazikitsa lamulo lotchedwa Vos estis lux mundi, lomwe analikhwimitsanso mu 2023. Limalamula dayosizi iliyonse kukhala ndi njira yodziwika yolandirira madandaulo otere, limakakamiza ansembe ndi asisiteri kunena akamva za nkhanza, ndipo limaletsa kulamula wodandaula kuti atseke pakamwa. Mu Disembala chaka chomwecho cha 2019 anachotsanso chinsinsi chapadera chomwe chinkaphimba milandu imeneyi. Episkopi amayenera kufufuza ndi kutumiza nkhani ku Rome, komwe wansembe atha kuchotsedwa unsembe. Koma mpingo ulibe ndende. Chilango chake n'chowonjezera, sichilowa m'malo mwa khoti la boma.

Kukhoti ndi chipukuta misozi

Pa mlandu wa boma simulipira loya, woimira boma ndiye amayendetsa. Pemphani kuti mwana apereke umboni khoti litatsekedwa kwa anthu wamba, kapena mosayang'anizana ndi woimbidwa mlandu, malamulo amalola zimenezi. Woganiziridwa akatuluka pa belo sizitanthauza kuti wawina. Milandu imachedwa, masiku amasunthidwa, koma pitanibe tsiku lililonse lomwe mwaitanidwa ndi mboni zanu. Fayilo ikangoti zii osayenda, kaonaneni ndi mkulu wa polisiyo, ndipo zikakanika kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission.

Palinso njira yachiwiri, yosumira kuti mwana apatsidwe chipukuta misozi pa ululu, ndalama za kuchipatala ndi sukulu yomwe yasokonekera. Loya ndi amene angaone ngati wosumiridwa akhale wansembeyo yekha kapena pamodzi ndi omwe ankamuyang'anira, makamaka ngati anachenjezedwapo n'kukhala chete. Amene alibe ndalama apite ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yopereka maloya kwa osowa, kapena ku Women Lawyers Association. Milandu ya chipukuta misozi ili ndi malire a nthawi, choncho funsani msanga.

Kwa inu amene munachitidwa izi muli ana ndipo lero ndinu akuluakulu, mwina muli ndi mabanja anu: mlandu suwola. Mutha kupita ku Victim Support Unit ngakhale papita zaka. Umboni wa kuchipatala sudzakhalapo, koma mawu anu ndi umboni, ndipo munthu yemwe munamuuza nthawi imeneyo, makalata akale, kapena ena omwe anazunzidwa ndi munthu yemweyo atha kulimbitsa mlandu. Kumbali ya mpingo, malamulo ake amapereka zaka 20 kuyambira tsiku lomwe munakwanitsa zaka 18, ndipo Rome ili ndi mphamvu yolola kuti nkhani imvedwe ngakhale nthawiyi itadutsa. Ngati simunakonzeke kupita kupolisi, yambani ndi mlangizi wa kuchipatala kapena imbani 5600, nambala yaulere ya ochitidwa nkhanza. Pokalembetsa dandaulo tengani munthu mmodzi yemwe mumamukhulupirira akakhale nanu m'chipindamo.