Momwe mungatetezere rauta yanu kuti bandulo isamathere kwa aneba

Mwezi watha alamu anga a ku Kamwendo anandiimbira foni atakwiya. Bandulo ya mwezi wathunthu inali itatha sabata yachiwiri isanakwane. Nditafika n'kuyang'ana mu rauta yawo, ndinapeza kuti mafoni olumikizidwa ndi ambiri kuposa anthu a m'nyumbamo. Pakhonde la golosale yoyandikana nawo panali anyamata atatu, aliyense maso pa foni, osayankhulana n'komwe. "Alamu, alendo anu ndi awo," ndinawauza.

Rauta imakhala ndi mapasiwedi awiri, koma ambirife timangodziwa imodzi. Pali ya Wi-Fi, imene timapatsa anthu kuti alowe pa intaneti, ndiye pali ya admin, yolowera m'kati mwa rautamo. Kusintha ya Wi-Fi yokha n'chimodzimodzi kukhoma chitseko n'kusiya makiyi pazenera.

Yambani ndi kutembenuza rautayo. Pansi pake pali kapepala komata pamene analembapo dzina la Wi-Fi, pasiwedi ndi adiresi yake. Pa MiFi, karauta kakang'ono koyendera batire, kapepalako kamakonda kukhala m'kati, mukachotsa chivindikiro cha batire. Marauta ambiri a Huawei adiresi yake ndi 192.168.8.1, ena ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Lumikizani foni kapena laputopu ku Wi-Fi ya rautayo, tsegulani Chrome, mulembe manambalawo pamwamba polemba adiresi. Tsambali limatseguka ngakhale mulibe bandulo.

Likakufunsani dzina ndi pasiwedi, onani pakapepala paja. Pa marauta ambiri zonse ziwiri ndi admin, ndipo mnyamata aliyense wokonza mafoni pa Boma amadziwa zimenezi. Choncho pitani pa System kapena Administration, musinthe pasiwedi imeneyi musanakhudze china chilichonse. Ilembeni m'kope, kopelo mulisunge kuchipinda.

Kenako pitani pa Wi-Fi Settings kapena WLAN. Pamene alemba SSID ndi dzina limene anthu amaliona pa mafoni awo; ikani lina lililonse, bola lisakhale dzina lanu kapena la shopu yanu. Pa Security sankhani WPA2-PSK, ndipo ngati pali WPA3, imene inatuluka mu 2018, ndiyo yabwino koposa, ngakhale mafoni ena akale amaikana. WEP musaiyerekeze, inatha ntchito kalekale.

Pasiwedi ya Wi-Fi siloledwa kuchepera zilembo 8, koma ine ndimati zifike 12 kapena kupitirira. Nambala yanu ya foni ayi, ili kale pa chikwangwani cha shopu. Dzina la mwana ndi chaka chobadwa ayinso. Tengani mawu atatu osagwirizana, monga nsinjiro, njinga ndi dambo, muikepo manambala pakati. Mukadina Save aliyense achotsedwa pa netiweki, inunso, ndiye mulowenso ndi pasiwedi yatsopanoyo.

Mukaona pamene alemba WPS, zimitsani. Ndi njira yolowera popanda kulemba pasiwedi, ndipo nambala yake ya manambala 8 sivuta kuithyola.

Kunena zoona, amene amathyola mapasiwedi kuno ndi ochepa. Pasiwedi imatuluka ndi anthu a m'nyumba momwemo. Mafoni a Android 10 kupita m'tsogolo amaonetsa QR code ya Wi-Fi, mnzake wa mwana wanu n'kungojambula, basi walowa, mawa wapatsanso wina. Kwa alamu anga zinayenda choncho. Ngati rauta yanu ili ndi Guest Network, alendo muziwapatsa imeneyo, akapita muzimitse. Kamodzi pa sabata muziona pa Connected Devices n'kuwerenga mafoni. Mukhoza kutsekera foni yachilendo pomwepo, koma mafoni amakono amatha kusintha MAC address yawo, nambala imene rauta imazindikirira foni iliyonse, n'kubweranso ngati atsopano, choncho mankhwala ake enieni n'kusintha pasiwedi.

Tsopano makompyuta. Pa laputopu ya Windows dinani kachizindikiro ka netiweki kumunsi kudzanja lamanja, musankhe dzina la Wi-Fi yanu, mulembe pasiwedi. Kompyuta ya patebulo imene ilibe Wi-Fi imafuna chingwe cha Ethernet: mbali imodzi kumbuyo kwa kompyuta, ina pa bowo la LAN pa rauta, osati la WAN. Chingwechi chimagwira bwino mpaka mamita 100, ndiye chimafika kushopu yakutsogolo popanda vuto. Ngati mukufuna kuti makompyuta azionana kapena azigwiritsa ntchito printa imodzi, pa iliyonse sankhani Private network.

Musaiwale ichi: mu Settings, pa Network & Internet, tsegulani netiweki yanuyo muyatse Metered connection. Kupanda kutero Windows imadzikokera ma update mwakachetechete, inu n'kumanamizira aneba.

Rauta ina imaonetsa mayina awiri, la 2.4GHz ndi la 5GHz. La 5GHz limathamanga koma limafooka likadutsa makoma a njerwa, choncho kuchipinda chakutali gwiritsani ntchito la 2.4GHz. Rauta ya SIM khadi, kaya ya Airtel kaya ya TNM, iikeni pamwamba pafupi ndi zenera. Inu a kufupi ndi malire a Mwami, zimitsani Data Roaming mu rautamo kuti isakagwire netiweki ya ku Zambia. Nyengo ya mvula, kukayamba ziphaliwali, zulani pulagi.

Mukaiwala pasiwedi ya admin, kumbuyo kuli kabowo kolembedwa Reset. Lowetsani phini, mukanikize kwa masekondi pafupifupi 10, rauta ibwerera mmene inachokera kusitolo, ndiye muyambirenso zonsezi. Komatu mwana wochenjera akhozanso kuchita zomwezo n'kulowa ndi pasiwedi ya pakapepala paja. Alamu anga rauta yawo anaichotsa pabalaza, pano ili pazenera la kuchipinda kwawo.