Madzi a pa phiri la Zomba: musamwe osawateteza

Anthu ambiri amene timakwera nawo phiri la Zomba akafika pa Williams Falls, ludzu litawagwira, amangowerama n'kumwa, ati madzi a pa phiri ndi oyera. Aise, kuyera ndi maso sikutanthauza kuti mulibe tizilombo. Pamwamba paja pamadutsa anthu tsiku lililonse, otola nkhuni, ocheka matabwa, ogulitsa zipatso, alendo, ndipo zimbudzi m'nkhalangomo mulibe, ndiye munthu zikamuvuta amangokhota patchire. Onjezanipo anyani ndi apusi. Mvula ikagwa zonsezo zimakokolokera mu Mulunguzi ndi timitsinje tina. Ngakhale madzi a mu damu la Mulunguzi amene timamwa mtauni muno, a Water Board amayamba awathira mankhwala kaye asanafike pa mpopi.

Zimene mungatenge ndi kolera, tayifodi, kamwazi, komanso tizilombo tiwiri tovuta totchedwa Giardia ndi Cryptosporidium. Kolera tonse tikuidziwa, ya 2022 mpaka 2023 ija inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Giardia ndiye yozemba, mutha kutsika phiri muli bhobho, patapita sabata imodzi kapena ziwiri m'mimba kuyamba kutupa, mpweya wonunkha, kutsegula kosatha, inu n'kumanamizira chipisi cha dzulo.

Choyamba sankhani potunga. Madzi oyenda, kumtunda kwa njira ndi malo amene anthu amapumira, osati kumunsi kwake. Kasupe wotuluka pamwala ndiye wabwino kuposa chithaphwi kapena m'mbali mwa damu. Akakhala a matope asiyeni mu chigubu kanthawi matopewo akhale pansi, kenako sefani ndi chitenje choyera chopinda kanayi. Chitenjecho chimachotsa zinyalala basi, ntchito ikadalipo.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kwambiri ndi kuwiritsa. Imapha zonse, mabakiteriya, mavairasi, ngakhale Cryptosporidium uja. Koma awire zenizeni, abwate mpaka kugaduka kwa mphindi imodzi yathunthu, osati kungoona tithovu pansi pa poto n'kuphula. Mukakhala pamwamba penipeni cha ku Malumbe, komwe ndi kopitirira mamita 2,000, onjezani zifike mphindi zitatu chifukwa pamalo okwera madzi amawira asanatenthe mokwanira ngati kumunsi. Chonde nyamulani kasitovu ka gasi, musasonkhe moto m'mapaini makamaka chilimwe, masamba ake akauma amayaka ngati palafini ndipo phirili lapsa kokwanira kale. Vuto la kuwiritsa ndi lakuti muyenera kudikira azizire, nde ngati mukugona komweko wiritsani usiku a mawa lonse.

Kwa oyenda tsiku limodzi, klorini ndi yosavuta. WaterGuard timamudziwa tonse koma muyezo wake ndi wa ndowa ya malita 20, kuyeza wa kabotolo kamodzi n'kovuta, nde bola mapiritsi ngati Aquatabs, ndipo werengani pa paketi kuti piritsi limodzi ndi la malita angati chifukwa amasiyana mphamvu. Mukaponya, khutchumulani, dikirani mphindi 30. Apa ndi pomwe ambiri amalephera, amaponya piritsi n'kumwa pompo. Madzi a pa phiri ndi ozizira kwambiri makamaka mu Juni ndi Julayi, klorini imagwira pang'onopang'ono, nde musathamangire. Masulani pang'ono chivindikiro mutembenuze botolo kuti madzi a mankhwalawo atsuke pakamwa pa botolo, chifukwa pamenepo panakhudza madzi a mumtsinje. Dziwaninso kuti klorini imalephera kupha Cryptosporidium.

Mafyuluta onyamula m'manja aja, ngati Sawyer, amachita zosiyana: amatsekereza mabakiteriya, Giardia ndi Cryptosporidium koma mavairasi amadutsa chifukwa ndi ang'ono zedi. Nde ngati muli nayo, sefani kenako ponyani piritsi, ziwirizi zimathandizana.

Pali njira ya dzuwa, kuika madzi oyera mu botolo la pulasitiki loonekera mkati n'kuligoneka padzuwa maola 6. Imagwira, koma pa Zomba chifunga chikakuta pamafunika masiku awiri, sindingakulangizeni kuidalira.

Chinanso, khalani ndi mabotolo awiri, lina lotungira lina lomwera, muwalembe chizindikiro asasokonezeke. Sambani m'manja ndi sopo musanadye, ndipo mastroberi ndi zipatso zina zogula m'njira mutsuke ndi madzi otetezedwa omwewo. Zikakuvutani inuyo, pitani kutali ndi mtsinje, masitepe ngati 70, kumbani kadzenje n'kukwirira, pajatu kumunsiko kuli anthu akutunga.

M'chikwama musasowe Thanzi ORS. Wina akayamba kutsegula m'mimba sungunulani paketi mu lita imodzi ya madzi owiritsa azimwa pang'onopang'ono. Palibe Thanzi, masipuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Koma akamatsegula ngati madzi a mpunga, kapena muli magazi, kapena akusanza chilichonse, musadikire kuti kuche, tsikani naye msanga mpaka ku chipatala cha Zomba Central.